Anyamata athu a ku Joni, galimoto ya mpikisano si yophunzirira pamsewu wa anthu

Ana anga, zimene zachitika Loweruka lapitali zandikanika kuzimeza. Ndikunena ndi inu anyamata athu a ku Joni kuno amene mwatengeka ndi mpikisano uja mumati drag, wothamangitsana magalimoto awiriawiri pamsewu woongoka. Ine ndakalambira kunsi kwa magalimoto, zikhadabo zanga zinada ndi oyilo inu musanabadwe, ndiye musati nkhalambayi ikuopa liwiro chifukwa injini siidziwa.

Mwana wina wa kwathu, dzina ndalisunga poti mayi ake amawerenga pano, anagula BMW yakale ija ya E30 kwa munthu amene ankapikisana nayo. Mwini wakeyo anali ataikamo turbo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, atazula mipando yakumbuyo, n'kuveka matayala osalala aja opanda mizere. Mnyamatayu galimoto imene ankaidziwa ndi ka Polo ka abwana ake konyamulira masipeya. Makiyi analandira Lachisanu madzulo. Loweruka usiku anali kale pamsewu wa kumafakitale, anzake atandandalika m'mbali, mafoni ali m'mwamba. Giya yoyamba inayenda bwino. Ataponya yachiwiri turbo inadzuka, kumbuyo kwa galimoto kunatsetserekera kumanzere, ndipo iye m'malo mochotsa phazi anapondereza moto, kuopa kusekedwa pa vidiyo. Inakaima itakumbatira pholo la magetsi. Moyo ali nawo, tithokoze Mulungu, koma mwendo uli m'chikhakha ndipo ngongole ya galimotoyo sanabweze ngakhale theka. Ojambula aja akanaima patsogolo pang'ono, bwenzi lero tikusonkherana pa WhatsApp kuti mitembo idutse pa Beitbridge ipite kumudzi. Nonse mukudziwa kuti ulendo umenewo ndi wa ndalama zingati.

Chimene chandipweteka n'chakuti mwanayu amadutsa pagalaja panga tsiku lililonse, koma sanaime kuti achimwene, tandionerani. Safunsa anadya phula.

Akanafunsa ndikanayambira pa matayala omwewo. Tayala losalala limagwira pansi likatenthedwa, ndiponso pamsewu wokonzedwera ntchito imeneyo. Kumabwalo enieni, monga Tarlton kufupi ndi Krugersdorp kapena Killarney ku Cape Town, utsi umene mumauona galimoto isananyamuke si wodzionetsera chabe ayi: woyendetsa amazunguza matayala kuti afunde ndi kuchotsa tizinyalala, ndipo pamipikisano ikuluikulu poyambira amasesapo n'kuthirapo mankhwala omata. Nanga msewu wa kumafakitale uli ndi chiyani? Fumbi, mchenga, dizilo wodontha m'mathiraki, ndi mame a usiku. Tayala lozizira pamalo oterowo lili ngati sopo pa simenti. Komanso galimoto yotere anaikonza kuti izipita kutsogolo basi. Kukhota sikuidziwa, ndipo ambiri okonza m'makomo amathera ndalama zonse pa injini, mabuleki n'kusiya omwe inabadwa nawo.

Mumati mtunda wake ndi waufupi, mamita 402 okha, kota ya mailosi. Zoona. Koma galimoto ikafika pa makilomita 180 pa ola imadya mamita 50 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri, bwalo lonse la mpira ladutsa. Ndipo liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti uime umawirikiza kanayi. Mpikisano suthera pamzere womaliza, umathera pamene galimoto yaima. N'chifukwa chake bwalo lenileni limakhala ndi msewu wina wautali kuseri kwa mzerewo, zipupa m'mbali, ozimitsa moto ndi ambulansi. Kumafakitale kuseri kwa mzere wanu kuli maloboti, kuli mlonda amene akuweruka pa njinga, kuli mayi amene akudumpha msewu kuthamangira teksi yomaliza.

Masewerawa kwawo ndi ku America, ndipo eni akewo anaiona kale ngozi imene inu mukuiyamba kumene. Bungwe lawo la NHRA analiyambitsa Wally Parks mu 1951 ku California, cholinga chachikulu chili kuchotsa anyamata m'misewu ya anthu n'kuwaika pamalo otetezedwa. Malamulo awo amakwera pamodzi ndi liwiro: galimoto ikamatha mamita 402 aja pansi pa masekondi 14 chipewa cholimba n'chokakamiza, pansi pa masekondi 10 pamafunika laisensi yapadera ya mpikisano, ndipo ikafika cha m'makilomita 240 pa ola iyenera kukhala ndi parachuti yothandiza kuima. Ngakhale ndi zonsezo, mu 2008 Scott Kalitta, katswiri amene anatenga kawiri chikho cha Top Fuel, gulu la magalimoto amphamvu kwambiri, anafera pabwalo ku Englishtown, New Jersey. Injini inaphulika, galimoto inalephera kuima n'kukagunda kumapeto kwa bwalo. Zitatero bungwelo linadula mtunda wa magalimoto amphamvu kwambiri aja kufika pa mamita pafupifupi 305, kuti malo oimira achuluke. Ameneyo anali munthu wobadwira m'banja la mpikisano, atavala zovala zosagwira moto, amakaniko ake ali pompo. Iwe uli ndi jini, sikipa ndi mnzako wogwira foni.

Inu ojambula inunso ndili nanu mawu. Mumaima mphepete mwenimweni mwa phula, kukuwa kuti ponda, ponda. Tsiku la ngozi ndinu oyamba kuthawa apolisi asanafike. Mwana uja anamutulutsa m'galimoto ndi mlonda wa pafakitale, munthu wosamudziwa n'komwe.

Za apolisi sindichulutsa. Kupikisana pamsewu wa boma popanda chilolezo ndi mlandu muno mu South Africa, inshuwalansi wamba silipira ngozi ya pampikisano, ndipo amene mapepala anu ali okayikitsa dzifunseni nokha kuti nkhani yake ikathera kuti.

Sindikuti musiye. Mtima ukakonda chinthu, nkhalamba singauletse, ndipo inenso phokoso la injini yokonzedwa bwino limanditsitsimula. Koma tsiku loyamba pitani kubwalo, pa tsiku limene amalola anthu wamba. Alekeni oyang'anira aione galimoto: manati a mawilo, batire ngati lamangidwa, lamba, ngati sikudontha oyilo kapena madzi. Funsani pokhotera mukamaliza musanafunse za magetsi onyamukira. Ulendo woyamba pondani moto theka lokha, mumve mmene ikukokera, muone mmene ikuimira. Ikayamba kugwedeza kumbuyo chotsani phazi, mpikisano umenewo watha, mudzabwereza. Amene amadziwa masewerawa saseka munthu watsopano wochita masekondi 17. Amene amamudandaula ndi wothira oyilo panjira n'kuimitsa tsiku lonse.

BMW ija ili kuseri kwa galaja yanga, ndaifunditsa lona. Aliyense amene wagula yake ndipo akuganiza zokaiyesa, abwere Loweruka m'mawa. Ndiyamba ndamuvundukulira lonalo aone pamene pholo linalowera, kenako tikweze yakeyo pa jeke tione mabuleki. Sindilipiritsa, bola abwere ndi shuga wa tiyi.