Chipatso m'mgolo kapena m'tambula: mowa wowawasa wa ku Belgium ndi wa ku Germany

Belgium ndi Germany ndi maiko ogundana malire, ndipo onse awiri ali ndi mowa wowawasa umene munthu woulawa koyamba angaganize kuti wawonongeka, koma ikafika nkhani yothira zipatso aliyense amalowera kwake. Ku Belgium chipatso chimalowa m'mgolo n'kukhala mmenemo miyezi ingapo mpaka shuga wake yense atatha, pamene ku Berlin chimafika pa tebulo ngati madzi otsekemera amene woperekera mowa amathira m'tambula womwa akuona. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti botolo lina lizisowa pamsika pamene linzake limapezeka tsiku lililonse.

Mowa wa ku Belgium umenewu umachokera ku lambic, umene kwawo ndi ku Brussels ndi dera la Pajottenland, m'chigwa cha mtsinje wa Senne. Ofulula amasakaniza chimera cha balere ndi tirigu wosamera, ndipo tirigu satsika pa magawo 30 pa 100 alionse. Amawiritsa madzi otsekemera ochokera m'chimeracho maola angapo pamodzi ndi hops (maluwa owawitsa mowa) wokalamba, amene anasungidwa zaka ziwiri kapena zitatu mpaka kuwawa kwake kutachepa koma mphamvu yake yoteteza mowa ikadalipo. Zikatero amawakweza m'chipinda cha pafupi ndi denga n'kuwathira m'chiwiya chotakata koma chosazama, chotchedwa koelschip, mmene amagona usiku wonse chosavundikira mphepo ikulowa. Palibe amene amathiramo yisiti. Tizilombo ta mumpweya ndi tokhala m'matabwa a migolo ndi timene timayambitsa kusasa, ndipo kamodzi mwa ito kanapatsidwa dzina la mzindawo, Brettanomyces bruxellensis. Mayi wofulula masese, amene amasiya phala kuti lisase lokha asanaliwiritsenso, sangadabwe ndi nzeru imeneyi, ngakhale kuti iye amadikira masiku pamene ofulula lambic amadikira chaka chimodzi mpaka zitatu.

Ntchito imeneyi siichitika chaka chonse, chifukwa m'nyengo yotentha mumpweya mumachuluka tizilombo towononga mowa, choncho kufulula kumayamba cha kumapeto kwa Okutobala n'kutha mu Epulo. Zipatso nazo zili ndi nyengo yake. Matcheri owawasa, amene ku Flanders, kumpoto kwa Belgium, amawatcha krieken, amapsa cha mu Julayi, ndipo amaponyedwa mu lambic athunthu pamodzi ndi nthangala zake, zimene zimasiya kafungo kofanana ndi ka amondi. Shuga wa chipatso amadzutsanso kusasa, ndipo pomaliza mowa umatsekeredwa m'botolo kuti upitirize kusasa mmenemo n'kupanga thovu lake. Chotuluka ndi kriek, mowa wofiira, wowawasa, wopanda kutsekemera konse.

Apa m'pamene pagona kusowa kwake. Kampani ya Cantillon, imene inayamba mu 1900 ku Anderlecht ndipo ikadali m'manja mwa banja la Van Roy, imathira magalamu 200 a matcheri pa lita imodzi ya kriek wake wamba, koma mu Lou Pepe Kriek imathira magalamu 300 a mtundu wakale wa Schaarbeekse, umene mitengo yake inatsala pang'ono kutha pamene dera la Schaarbeek linamezedwa ndi mzinda wa Brussels. Chaka chimene mitengo yotsalayo yabereka mopereŵera, mabotolo nawo amapereŵera, ndipo palibe ndalama imene ingafulumizitse mgolo. Fou' Foune, lambic wa kampaniyi wa maapurikoti ochokera ku France, amatulukanso kamodzi pachaka. Kuyambira mu 2011 kampaniyi imachititsa Zwanze Day, tsiku limene mowa umodzi wapadera umatsegulidwa m'malo omwera osankhidwa m'maiko osiyanasiyana, ndipo ngakhale ndimaona kuti m'zoterezi mulinso luso la malonda, kuchepa kwa mowawo si kochita kupeka.

Germany inayenda njira ina chifukwa cha lamulo. Pa 23 Epulo 1516 mafumu a ku Bavaria analamula ku Ingolstadt kuti mowa uzipangidwa ndi madzi, balere ndi hops basi, ndipo lamulo limeneli, lodziwika ndi dzina loti Reinheitsgebot, linafalikira m'dziko lonse patapita zaka mazana. Mu 1987 khoti la ku Ulaya linagamula kuti Germany singaletse mowa wa maiko ena pogwiritsa ntchito lamuloli, koma maganizo oti chipatso si cholowa m'mphika wa mowa anali atakhazikika kale m'mitima ya ofulula ndi omwa omwe. Berliner Weisse, mowa wa tirigu wa mphamvu yochepa, pafupifupi 3 peresenti, umawawasa chifukwa cha mabakiteriya a Lactobacillus, a mtundu umene umasasitsanso mkaka kukhala chambiko. Womwa amafunsidwa ngati akufuna wofiira kapena wobiriwira, kutanthauza madzi otsekemera a zipatso za raspberry kapena a chitsamba chotchedwa Waldmeister, ndipo kaŵirikaŵiri amamupatsanso kaphesi kokokera. Gose, mowa winanso wowawasa wa ku Goslar ndi Leipzig, wothiridwa mchere ndi coriander, analeka kufululidwa mu 1966 n'kudzatsitsimutsidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo amaloledwa ngati mowa wapadera wa dera.

Ndikayika njira ziwirizi pa sikelo, ndimaona kuti ya ku Berlin ili ndi ubwino umene okonda lambic safuna kuuvomereza, wakuti womwa amasankha yekha kutsekemera kumene akufuna, mtengo wake ndi wotsika, ndipo palibe amene amaima pamzere. Koma madzi otsekemerawo amabisa kuwawasa m'malo mokwatirana nako, ndipo kukoma kwa tambula ya chaka chino sikusiyana ndi kwa chaka chatha. Kriek weniweni amanena za mvula ndi dzuwa la chaka chimene matcheri anapsa, ndipo botolo lake likhoza kusungidwa zaka likusinthabe.

Tisaganize kuti Belgium yonse inasunga mwambo. Makampani aakulu anaphunzira kuthira madzi a zipatso ndi zotsekemeretsa mu lambic n'kuuphika kuti kusasa kuleke, moti kriek wambiri wa m'masitolo ali pafupi ndi tambula yofiira ya ku Berlin kuposa mgolo wa ku Pajottenland. N'chifukwa chake mu 1997 ofulula ndi osakaniza lambic anakhazikitsa bungwe la HORAL, ndipo maina a Oude Kriek ndi Oude Geuze (lambic wakale wosakanizidwa ndi watsopano) anatetezedwa ndi malamulo a European Union kuti azilembedwa pa mowa wopangidwa mwa njira yakale yokha. Wogula amene akufuna wa m'mgolo ayang'ane liwu loti oude, lotanthauza wakale, pa botolo la Boon wa ku Lembeek kapena 3 Fonteinen wa ku Beersel. Chimene lamulo silingateteze ndi usiku wozizira, pakuti Jean Van Roy wa ku Cantillon wakhala akudandaula kuti nyengo yofululira ikufupika poyerekeza ndi ya m'masiku a agogo ake, ndipo koelschip imafuna usiku umene kutentha sikupitirira madigiri 8.