Mumamutsekeranji Frankenstein mu kabati?

Anzanga otolera zidole zakale, ndimakukondani, koma apa pokha tisiyane maganizo. Munthu wagula Frankenstein wa malata wa kampani ya Nomura, wopangidwa ku Japan m'ma 1960, chidole cha chilombo cha m'mafilimu oopsa chija, n'kumutsekera mu kabati yagalasi osamuyatsako ngakhale tsiku limodzi. Ati akamuyatsa mtengo utsika. Nanga munamugulira chiyani?

Amene simunamuonepo, chilombo chimenechi ndi nthabwala yokhayokha. Ukaika mabatire akuluakulu aja a mu tochi n'kudina batani, chimayamba kugwedezeka, manja chitatambasula, chikubuula ngati chikugwira pakhosi. Kenako buluku phofo, lagwa! Kabudula wamkati wamizeremizere ali poyera, kababu ka m'mutu kayaka, nkhope yonse psuu ndi manyazi. Amisiri aja anavutikira mphindi imeneyi, inu n'kuibisa m'galasi.

Wanga ndinamupeza kuno ku Britain Lamlungu lina m'mawa, pa msika uja anthu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa galimoto zawo. Analibe bokosi, ndipo mwiniwake anaiwalamo mabatire mpaka anawolera momwemo. Pomalowa mabatire panali ufa woyera ndi dzimbiri lokhalokha. Masiku atatu ndinali naye patebulo la kukhitchini, viniga, kamswachi kotha ndi sandipepa, amayi a kunyumba akungondiyang'ana cham'mbali. Tsiku lachitatu mota inalira. Bulukulo litagwa, mwana wanga wamkazi anaseka mpaka kukhala pansi, akuti "Adadi, bwerezaninso!"

Sindikukana, bokosi lake lenileni limakweza mtengo kwambiri, ndipo raba ya nkhope ndi manja ikakalamba imauma n'kung'aluka. Chidole cha zaka 60 si chopatsa mwana kuti akaseweretse panja. Koma makina ongokhala nawonso amafa. Mafuta a m'magiya amauma, mota n'kukakamira. Ine ndimamuyatsa kamodzi pa mwezi, kanthawi kochepa, ndikatha mabatire ndimachotsamo. Opha zidolezi kwenikweni ndi mabatire oiwalika, osati kuziyendetsa.

Chimene ndikuchilakalaka tsopano ndi Great Garloo wa kampani ya Marx ya ku America, wa mu 1961. Ndi chimphona chobiriwira chapulasitiki, kutalika pafupifupi masentimita 60, chimayenda, kuwerama n'kunyamula zinthu ndi manja ake. Umachiyendetsa ndi kachiwongolero kolumikizidwa ndi waya. Nditachiona koyamba ndinakumbuka galimoto zathu zamawaya, chiwongolero chachitali m'manja, matayala a zitsekerero, tikuthamanga nazo m'fumbi mpaka amayi kutiitana kuti nsima yapsa. Ndani anaikapo galimoto yake mu kabati?

Garlooyo mtengo wake pa eBay, msika wa pa intaneti uja, ukundithawa. Ngati alipo wina ali ndi wakufa, wopanda bokosi, andiuze. Viniga ndikadali naye.