Inu obetcha baseball pakati pa usiku, mwatani kodi?

Sabata yatha ndinamva nkhani imene ikundiwawabe mumtima. Mnyamata wina wa kabaza kuno kwathu, mwana wa anthu aulemu wawo, anatenga ndalama zoti akapereke kwa mwini njinga yamoto n'kuzithira pa masewero a baseball a ku America. Baseball, abale! Ati wina pa gulu la WhatsApp anamuuza kuti timu inayake yasewera masiku ambiri motsatizana osapuma, ndiye yatopa, ndiye igonja basi. Iye osafunsa, n'kubetchera timu inayo. Kutacha, timu yotopa ija inali itapambana. Njinga mwini wake analanda, ndipo amene akuyenda uku ndi uku kupepesa ndi mayi ake.

Anyamata inu, mitu yanu ikugwira? Mpira wamiyendo munayamba kuusewera ndi chikulunga muli osavala nsapato, Bullets ndi Wanderers mumazidziwa mpaka osewera apabenchi, komabe matiketi anu amafa Loweruka lililonse. Ndiye lero mwati mukalemerere pa masewero amene ndodo yake simunaigwirepo? Nditakufunsani kuti gemu imatha bwanji, mungandiyankhe?

Ndani anakunamizani kuti kusewera osapuma n'chinsinsi? Mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, muli matimu 30, ndipo iliyonse imasewera magemu 162 kuyambira kumapeto kwa March kufika kumapeto kwa September. Werengani nokha masikuwo. Anthuwa amasewera pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo pangano la osewera ndi eni matimu limalola kufika masiku 20 motsatizana. Chinanso, matimu awiri akakumana amasewera magemu atatu kapena anayi masiku otsatizana. Ndiye kuti timu imene mukuti yatopayo, nthawi zambiri dzulo imasewera ndi yomweyi mwaibetcherayi. Yanuyo inasewera itagona?

Nanga woponya mpira woyambitsa gemu, munamufufuza? Ameneyo ndiye amanyamula gemu, ndipo akaponya lero amakhala masiku anayi kapena asanu asanaponyenso. Pamene anzake amathamanga dzulo, iye anali chikhalire pabenchi, akutafuna nthanga za mpendadzuwa. Inu mukuwerenga kutopa kwa anthu amene simunawaone, pomwe woti akuphereni tiketi wadzuka ali wanyonga. Ndipo a kampani yobetchera mukuganiza kuti ndondomeko ya magemu sanaione? Imatuluka chaka chisanayambe n'komwe. Anaiwerenga kale, anaiika kale m'ma odds (manambala osonyeza ndalama imene mungawine) amene mukuwasekererawo. Mumangodziona ochenjera.

Masewero amenewa alibe ulemu ndi wamphamvu. Mu 2001 a Seattle Mariners anapambana magemu 116, zimene sizichitikachitika, koma anagonjabe ka 46, ndipo ku World Series, ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa ligiyo, sanafikeko. Mu 2024 a Chicago White Sox anagonja ka 121, manyazi osaneneka, koma nawonso anapambanako ka 41. Pa magemu 41 amenewo, ndi angati ochenjera ngati inu amene anagona ndi njala? Ndiye inu mumalumikiza magemu asanu ndi limodzi pa tiketi imodzi, n'kuyamba kufunsiratu mtengo wa malata!

Mukuti ndine nkhalamba, sindidziwa za masiku ano. Chabwino. Tucupita Marcano si nkhalamba. Anali wosewera weniweni mu MLB, amadziwa amene wavulala, amadziwa amene watopa, amadya nawo limodzi. Anabetcha ndalama zoposa madola 150,000 pa baseball, ndipo pa mabeti ake okhudza ligiyo anapambana osafika 5 pa 100 alionse. Mu June 2024 anamuthamangitsa m'masewero kwa moyo wake wonse. Ippei Mizuhara, womasulira wa Shohei Ohtani, katswiri wa baseball wochokera ku Japan, amakhala m'kati mwenimweni mwa Los Angeles Dodgers, koma ngongole za juga zinamufikitsa poba pafupifupi madola 17 miliyoni a bwana wake, ndipo khoti linamulamula kukakhala kundende. Awo ali m'khitchini momwemo apsa manja. Inu muli pa siteji ya kabaza ndi foni yosweka galasi, mukuti muwaposa?

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi tulo. Gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York, kuno imakhala 1 koloko usiku. Ya ku Los Angeles imayamba 4 koloko m'bandakucha. Mnyamata amachezera maso ali tong'o pa foni, bando ikutha, kenako m'mawa akweza mwana wa eni wopita kusukulu, akweza mayi woyembekezera, n'kumalowa mumsewu akusinza. Mudzapha anthu inu. Wina adzagwera pansi pa lole chifukwa cha timu ya mumzinda umene sangauloze pa mapu. Winanso wayamba kale kugogoda kwa akatapila, wina wagulitsa thumba la feteleza la makolo, wina akunama kwa mkazi wake kuti ndalama ya lendi yabedwa pa Mpamba.

Nanunso amene mumagulitsa "magemu otsimikizika" m'magulu a pa foni, mulibe manyazi? Ngati mukudziwadi timu yopambana, bwanji mukupempha ana a anzanu ndalama yolowera m'gulu? Bwanji simunamange nyumba yosanja?

Ndipo inu makolo, mwana wanu akuwala nkhope ndi foni mpaka tambala woyamba, mumati akuwerenga Baibulo?

Zimitsani mafoniwo mukagone. Ndalama za eni mubweze.