Nyama za pa mbiya zakale: Peru, Bolivia ndi Ecuador sankaumba mofanana ayi

Anthu amangoti mbiya za ku Andes, mapiri a ku South America, ngati ndi mudzi umodzi, koma yang'anani nyama zomwe anaumbapo muona kuti aliyense anali ndi sitayilo yake.

Ku Peru a Moche, omwe ankakhala chakumpoto kufupi ndi pomwe pali mzinda wa Trujillo lero, cha m'ma 100 mpaka 800 AD, nyama zawo sizikhala phee. Nkhandwe yavala ngati munthu ikuthamanga ndi kathumba m'manja, nkhanu ili ndi nkhope ya munthu, kadzidzi wanyamula chibonga ngati msilikali, pena kadzidzi yemweyo ndi sing'anga. Inde kadzidzi, yemwe kwathu kuno akalira pa denga anthu tulo sabwera, kumeneko ankamupatsa udindo. Ankagwiritsa chikombole ndiye mbiya zinachuluka koopsa, pitani ku Museo Larco, nyumba yosungira zinthu zakale ku Lima, mashelefu ake ndi odzadza mpaka kudenga. Chakumwera a Nazca iwo ndi utoto basi, mitundu yambirimbiri pa mbiya imodzi, namgumi wa mano atagwira mutu wa munthu.

Mukadutsa boda kulowa Bolivia zinthu zimauma. Tiwanaku, mzinda wakalekale, ili pafupi ndi nyanja ya Titicaca, mamita pafupifupi 3,850 m'mwamba, kozizira, ndipo nyama zake ndi zomwezomwezo, puma chimphaka cham'tchire chija, condor chimbalame chonga muimba, llama chiweto chonga ngamila yaing'ono yopanda linunda. Puma ankamuumba kukhala chofukizira, mutu uku mchira uku, moto pamsana utsi nkumakwera. Nkhope yake yosaseka, ngati chidindo cha boma ndithu. Ngakhale makapu a kero omwera mowa wa chimanga zojambula zake ndi zamizeremizere zokhwima. Komabe ndisawanamizire, zomwe anafukula pa chilumba cha Pariti, m'nyanja ya Titicaca momwemo, mu 2004 zili ndi moyo, pali mdala wina wanyamula bakha.

Ine mtima wanga uli ku Ecuador. A Chorrera, zaka mazanamazana Yesu asanabadwe, ankaumba pusi wa m'mitengo ngati pusi, mbalame ngati mbalame, osaiveka zausilikali ayi, koma mkati anaikamo kawenzulo moti ukathira madzi nkupendeketsa botolo, madzi aja amakankha mpweya ndiye kanyama kaja kamalira. Tangoganizani, dothi kulira! A Moche ankafuna nyama ifotokoze nkhani, a Tiwanaku ankafuna iopseze, awa ankangofuna aimve mawu, ndipo ena mwa mabotolo amenewa mpaka lero ukathiramo madzi amaimbabe likhweru.