Mkonzi azifunsa asanadule

Pali alembi amene akaona inki yofiira pa zolemba zawo amakwiya, n'kunena kuti bola kungosindikiza okha popanda wina kuikapo dzanja. Ine sindigwirizana nawo. Ukakhala ndi nkhani imodzi zaka ziwiri, maso amazolowera. Umawerenga zimene zili m'mutu mwako, zimene zili papepala osaziona. Munthu amene unamuika m'manda pa mutu wachitatu amapezeka akuyankhula pa mutu wachisanu ndi chiwiri, iwe osazindikira. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mkonzi wabwino ndi mnansi wotereyo.

Chimene chimandiwawa ine ndi mkonzi wodula osafunsa, amene amachotsa mawu ako n'kuikapo ake.

T. S. Eliot asanatulutse ndakatulo yake ya The Waste Land mu 1922, anaipereka kwa mlakatuli mnzake Ezra Pound. Pound anachotsa mizere yambirimbiri, osamunyengerera. Koma ankalemba ndemanga zake m'mphepete mwa mapepala, Eliot n'kumaziona, kuvomera zina ndi kukana zina. Mapepalawo anasindikizidwa mu 1971, ndipo aliyense angathe kuona mmene awiriwa anagwirira ntchito. Eliot anamuthokoza Pound poyera, dzina lake n'kuliika kumayambiriro kwa ndakatuloyo.

Nkhani ya Raymond Carver, mlembi wa ku America, imandimvetsa chisoni. Mkonzi wake, Gordon Lish, anadula zoposa theka la buku la nkhani zazifupi limene linatuluka mu 1981. Anasintha mitu ya nkhani zina, anasinthanso mathero ake. Mu 1980 Carver anamulembera kalata yomuchonderera kuti bukulo lisatuluke mmene analisinthiramo, koma linatulukabe. Nkhanizo mmene Carver anazilembera zinadzaoneka mu 2009, mwini wake atamwalira kale, mkazi wake Tess Gallagher atalimbikira.

Ndikudziwa kuti ambiri amati Lish ndi amene anamutchukitsa Carver, ndipo pali owerenga amene amakonda nkhani zodulidwazo kuposa zoyambirira. Mwina n'zoona. Komabe dzina la pachikuto linali la Carver. Iye ndi amene ankafunsidwa za ziganizo zimene sanalembe, ndipo anali atakana. Luso la mkonzi, kaya likule bwanji, silimupatsa ufulu wopitirira pamene mwini nkhani wanena kuti ayi.

Mkonzi amene anandithandiza kwambiri sanandilembere chiganizo ngakhale chimodzi. Pa tsamba lina anangozunguliza ndime yonse n'kufunsa kuti, "Mayiyu wangomva kumene kuti mwana wake wamwalira. N'chifukwa chiyani akuyankhula motalika chonchi?" Ndinamukwiyira masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinaichotsa ndimeyo ndekha, ndipo mayiyo ndinamusiya atangokhala pansi osanena kanthu.