Nyamakazi yandigwira ndili ku Leeds

Abale anga, ndatopa nalo funso lakuti "Nyamakazi pa zaka 38? Si matenda a agogo amenewo?" Ayi ndithu. Yomwe ndili nayo ine madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, ndipo sikuti mafupa aperepeseka ndi ukalamba. Chitetezo cha m'thupi mwanga momwemu ndi chomwe chaukira mfundo za mafupa anga, kumazitupitsa ndi kuzidya pang'onopang'ono. Imakonda kugwira akazi kuposa amuna.

Ntchito yanga kuno ku Leeds, m'dziko la England, ndi yosamalira okalamba. Kusambitsa, kuveka, kutembenuza munthu pabedi, zonsezi zimafuna manja. Chaka chatha ndinayamba kudzuka zala zitauma gwa, manja onse awiri, ola lathunthu ndisanathe kumanga batani la yunifolomu. Kuti uonane ndi GP, dokotala wa m'dera amene umayambira kuonana naye ukadwala, uyenera kuimba foni 8 koloko m'mawa, nthawi yomwe ine ndili kale pa shifiti, ndipo akamakuyankha malo amakhala atatha. Tsiku lomwe ndinapeza mwayi anandipatsa mphindi 10 zokha. "Ntchito yanu ndi yolemetsa, muzimwa ibuprofen." Ndinabwerera katatu, yankho lomwelo. Miyezi isanu yathunthu ndikungogoneka ululu, matenda akuwononga mkati.

Chimene chimandipweteka mtima mpaka lero nchakuti malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amanena poyera kuti munthu amene akuoneka kuti ali ndi nyamakazi yotereyi atumizidwe kwa katswiri pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Palibe anandiuza. Ndinachita kumva kwa nesi wina wa ku Zimbabwe yemwe timapemphera naye, ndiye ndinapita kukaumirira.

Katswiri wa nyamakazi, amene kuno amati rheumatologist, ndiye munthu woyamba amene anagwira zala zanga chimodzichimodzi. Anayeza magazi kuti aone zizindikiro za nyamakaziyi ndi za kutupa (amati anti-CCP ndi CRP), kenako anandilola kufunsa zonse zomwe zinkandisowetsa tulo. Kodi ndi kuzizira kwa kuno? Anati kuzizira sikuyambitsa matendawa, ngakhale ambiri amamva kuwawa kwambiri nyengo yozizira. Kodi ndidzachira? Anandiyang'ana m'maso nkundiuza kuti mankhwala ochiritsiratu kulibe, koma matenda amatha kugonekedwa, makamaka ukayamba mankhwala miyezi yoyambirira. Miyezi yomwe ine ndinataya pa foni ija.

Pano ndikumwa methotrexate, kamodzi kokha pa sabata, ndi folic acid tsiku lina. Amatenga mpaka sabata 12 kuti uyambe kumva kusintha, ndipo poyamba magazi amayezedwa sabata ziwiri zilizonse poopa chiwindi. Ukamamwa mankhwalawa suyenera kutenga pathupi chifukwa amavulaza mwana. Ine ndi bambo a kunyumba tinkafuna wachitatu. Nkhani imeneyi sitinaikambebe bwinobwino.

Ndiye pali ndalama. Ku England mtundu uliwonse wa mankhwala olembedwa ndi dokotala ndinkalipira £9.90. Omwa mankhwala a shuga salipira, ku Scotland salipira aliyense, koma nyamakazi siili pa mndandanda wa matenda okhululukidwa. Kuntchito bwana amawerenga tsiku lililonse lomwe ndapita kuchipatala, nkumandifunsa ngati ntchitoyi ndikuikwanitsabe. Visa yanga inamangiriridwa pa kampani yomweyo, ndiye ndimangoti "ndili bwino" zala zikuyaka moto.

Kumudzi nako sakundimvetsa. Amayi pa WhatsApp akuti, "Mwanawe, bwera tikakutemere mphini, alipo amene sakukondwa kuti uli kunja." Ndimawakonda amayi anga, koma mphini sizingaletse chitetezo cha m'thupi kudya mfundo. Achimwene akangoti pepa chemwali, mawu otsatira ndi a ndalama ya feteleza, ngati kuti mapaundi amangothothoka mumtengo.

Sabata yatha katswiri uja anayang'ana chala changa chapakati cha dzanja lamanja, chomwe chayamba kupindika. Anati zinazo tingathe kuziteteza, koma ichi mankhwala sangachiwongolenso. Lolemba ndili pa shifiti ya maola 12.