Musadalire tty pofuna kudziwa mmene root walowera

Anzanga oyang'anira ma seva a Linux, tiyeni tikambepo za mizere ija timakonda kuika mu /root/.profile kapena .bash_profile, mafayilo amene amawerengedwa root (akaunti ya mphamvu zonse) akamalowa. Cholinga chake n'chabwino ndithu: script izindikire ngati root walowa yekha pa console, pamakina penipeni, kapena ndi munthu wina amene analowa ndi dzina lake kenako n'kulemba su, lamulo losinthira ku akaunti ya root. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira imene ambiri akutsata, yongofunsa tty basi, lamulo lotchula dzina la terminal imene muli. Ikayankha /dev/tty1 amati ndi console, ikayankha /dev/pts/0 amati wadzera kwina.

Njira imeneyi imasocheretsa. Munthu akhale pa kiyibodi ya seva, alowe ndi akaunti yake wamba, alembe su -, kenako afunse tty. Iyankhabe /dev/tty1, popeza su sanamuchotse pamene wakhalapo. Script yanu imulandira ngati root wolowa yekha. Kumbali inayo, kuyambira sudo 1.9.14 ya 2023, use_pty, imene imachititsa sudo kutsegula terminal yakeyake, imakhala yoyatsa kale, choncho sudo -i pa console yeniyeniyo ikupatsani /dev/pts.

$USER ndi $LOGNAME nazonso sizithandiza, chifukwa su - amafufuta zakale n'kulembamo root. SUDO_USER amaika ndi sudo yekha, su alibe nayo ntchito. Kamzere kaja ka kutsogolo kwa $0, kamene kamapangitsa dzina kuoneka -bash, kamabwera m'njira zonse ziwiri, kaya root walowa yekha kapena wadzera pa su -.

Kwa ine, malo oyamba kuyang'ana ndi /proc/self/loginuid. Munthu akamalowa, pam_loginuid, gawo la PAM (dongosolo loona za kalowedwe ka anthu), imalembamo nambala ya akaunti yake, ndipo su ndi sudo saisintha. Mukapezamo 0, walowa ndi root mwini. Mukapezamo 1000, pa Debian kapena Ubuntu ameneyo ndi munthu woyamba kupatsidwa akaunti, angakhale prompt yake ikuonetsa # bwanji. Lamulo la logname likupatsani dzina lake. Apa m'pamene tty imapezano ntchito yake, chifukwa root wodzera pa SSH nayenso ali ndi 0. Ndiye mufunse ziwiri: loginuid ndi 0 kodi, nanga tty ndi /dev/tty1 (kapena tty2 ndi anzake) kapena /dev/ttyS0 ya serial?

Pali nambala yachitatu imene ambiri amaiiwala, 4294967295. Imatanthauza kuti palibe amene analembedwa, ndipo mumakumana nayo mu rescue mode, makina atakana kudzuka bwino. Script yanu ikaiona, isachite kalikonse. Apa ndikutsindika kwambiri, chifukwa console ndi khomo lomaliza. Munthu amapita kukakhala kutsogolo kwa seva pamene netiweki yafa, disiki yadzadza, SSH sikuyankha, foni ikungolira. Nthawi imeneyo .profile ya root imene ili ndi exec tmux (yoika pulogalamu ya tmux m'malo mwa shell), kapena yofuna kutumiza imelo yochenjeza isanakupatseni prompt, ikhoza kukutsekerani kunja kapena kukudikiritsani pachabe. Mzere wa exit woikidwa pa if yolakwika umakubwezerani ku login: nthawi iliyonse mukalemba pasiwedi.

Ngati cholinga chanu n'kuletsa root kulowa mwachindunji, imeneyo ndi ntchito ya PAM ndi PermitRootLogin mu sshd_config, osati ya .profile, imene imawerengedwa munthu atalowa kale.

Ndipo mukasintha fayiloyo, musatseke shell ya root imene mulimo. Dinani Ctrl+Alt+F2, mulowe monga root, mutuluke, mulowenso ndi akaunti yanu n'kuyesa su - ndi sudo -i, kenako muyesenso pa SSH.